Kujambula zithunzi ngati njira yodzithandizira pa matenda a kukhumudwa: zimene kafukufuku akuonetsa

Mayi Danielle Hark, wojambula zithunzi wa ku America, akhala akufotokoza poyera za tsiku limene matenda a kukhumudwa anawapanikiza koopsa. Anali pansi m'bafa, akulira, mpweya ukubanika. Anatola foni yawo n'kuyamba kujambula zimene zinali pafupi: penti yomatuka pachitseko ndi zimene zinkaoneka pagalasi. Patapita kanthawi anazindikira kuti mtima wayamba kukhala pansi. M'chaka cha 2012 anayambitsa Broken Light Collective, gulu limene anthu odwala matenda a m'maganizo, pamodzi ndi abale awo, amaonetsako zithunzi zawo pa intaneti.

Nkhani zotere n'zambiri, ndipo zachititsa ena kunena kuti kamera imachiza. Kwa ogwira ntchito za umoyo nkhaniyi ndi yofunika kuimvetsa. Wodwala amene wakhulupirira kuti kujambula n'kokwanira akhoza kuchedwa kupita kuchipatala kapena kusiya mankhwala. Nayenso wachipatala amene amangoipeputsa njirayi akhoza kumana wodwala chinthu chosalira ndalama zambiri chimene chikanamupepuza. Kafukufuku amene alipo akuloza mbali imodzi: phindu lalikulu limachokera m'zimene munthu amachita kuti apeze chithunzicho, ndipo phindulo limangowonjezera pa chithandizo cha kuchipatala.

Matenda amene akukambidwa

Kukhumudwa kumene madokotala amakutchula kuti depression n'kosiyana ndi chisoni chimene aliyense amakhala nacho pa maliro kapena zinthu zikavuta. Munthu amakhala wosakondwa, kapena wopanda chidwi ndi zimene kale ankazikonda, pafupifupi tsiku lonse, tsiku ndi tsiku, kwa masabata osachepera awiri. Pamwamba pa izi pamabwera kusowa tulo kapena kugona kwambiri, kusintha kwa chilakolako cha chakudya, kutopa, kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi, kudziona wachabechabe, ndipo nthawi zina maganizo ofuna kudzipha. M'chaka cha 2023 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena kuti anthu pafupifupi 280 miliyoni ali ndi matendawa, komanso kuti m'mayiko osauka ndi opeza pakatikati anthu oposa 75 pa 100 alionse odwala salandira chithandizo. Mpata waukulu umenewu ndiwo umachititsa kuti njira zodzithandizira zikope ofufuza.

Zinthu ziwiri zimathandiza kuti matendawa asathe msanga. Choyamba ndi kudzipatula. Munthu akafooka amasiya kupita kumsika, kutchalitchi, kumunda kapena kumpira. Akasiya, amasowa chomusangalatsa. Akasowa chomusangalatsa amafookeratu. Chachiwiri ndi kuganiza kwambiri, kutanthauza kubwereza m'mutu mavuto omwewo popanda kufika pa yankho. Katswiri wa za maganizo wa ku America, a Susan Nolen-Hoeksema, anaonetsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kuti anthu amene amachita zimenezi akakhumudwa amachedwa kutsitsimuka kusiyana ndi amene amatembenukira ku zochita zina. Funso lonse la kujambula zithunzi lagona pa zinthu ziwirizi.

Kumene maganizowa anachokera

Kamera inalowa m'zipatala za matenda a m'maganizo itangotulukiridwa kumene. Dokotala wa ku England, a Hugh Welch Diamond, ankajambula odwala aakazi pachipatala cha Surrey County Asylum m'zaka za m'ma 1850. M'chaka cha 1856 anapereka pepala ku bungwe la Royal Society lonena kuti zithunzi zingathandize kusunga maonekedwe a wodwala, kumuzindikira akabweranso kuchipatala, komanso kumuthandiza pomuonetsa mmene akuonekera. Pa nthawi imeneyo kamera inali m'manja mwa dokotala, ndipo wodwala anali wongojambulidwa.

Zinthu zinasintha patapita zaka zoposa 100. A Judy Weiser, katswiri wa za maganizo wa ku Vancouver m'dziko la Canada, anayamba kugwiritsa ntchito zithunzi popereka uphungu m'zaka za m'ma 1970. Anatsegula PhotoTherapy Centre mu 1982 ndipo mu 1993 anatulutsa buku lofotokoza njira zisanu: zithunzi zimene munthu wajambula yekha, zimene ena amujambula, zodzijambula, zithunzi za banja, ndi kukambirana zimene munthu akuona m'chithunzi chilichonse. Ku Britain, wojambula zithunzi a Jo Spence atapezeka ndi khansa ya m'mawere mu 1982 anayamba kujambula thupi lawo ndi ulendo wawo wa kuchipatala. Kuyambira mu 1983 anagwira ntchito ndi a Rosy Martin, ndipo awiriwa ankajambulana akuyeseza zinthu zowawa zimene anadutsamo kale kuti azionenso mwatsopano. A Spence anamwalira mu 1992.

A Weiser anasiyanitsa zinthu ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Phototherapy ndi pamene mlangizi wophunzitsidwa akugwiritsa ntchito zithunzi mkati mwa uphungu. Therapeutic photography ndi pamene munthu, payekha kapena pagulu, akujambula kuti adzimvetse kapena apepukidwe, popanda mlangizi womutsogolera. Zimene anachita mayi Hark m'bafa muja zili m'gulu lachiwirili. Kusiyanaku n'kofunika chifukwa chithunzi chikautsa chinthu chowawa, m'njira yoyamba pamakhala wina womugwira dzanja wodwalayo, pamene m'njira yachiwiri amakhala yekha.

Mmene kujambula kungathandizire

Njira yoyamba ndi kudzutsa munthu kuti achite kanthu. M'zaka za m'ma 1970 a Peter Lewinsohn anafotokoza kuti munthu amazama m'kukhumudwa pamene zochita zomubweretsera chimwemwe kapena chikhutiro zachepa. Pamaganizo amenewa panamangidwa chithandizo chotchedwa behavioural activation, chimene chimalimbikitsa wodwala kukonza ndandanda ya zochita zing'onozing'ono n'kuzichita ngakhale mtima usakufuna. Mfundo yake ndi yakuti chilakolako chimabwera munthu atayamba kale kuchita. Kafukufuku wotchedwa COBRA, amene anatsogoleredwa ndi a David Richards a ku yunivesite ya Exeter ndipo anasindikizidwa mu The Lancet mu 2016, anayesa njirayi pa anthu akuluakulu 440 odwala matenda a kukhumudwa. Patatha miyezi 12, amene analandira behavioural activation anali atapeza bwino mofanana ndi amene analandira uphungu wa CBT, ngakhale kuti opereka chithandizocho sanali akatswiri apamwamba, ndipo mtengo wake unali wotsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Ku Goa m'dziko la India, gulu la a Vikram Patel linaonetsa mu 2017, pa anthu 495, kuti alangizi wamba ophunzitsidwa kwa nthawi yochepa angathe kupereka chithandizo cha mtundu womwewu n'kuthandiza odwala. Lamulo loti munthu ajambule chithunzi chimodzi tsiku lililonse likufanana ndi zochita zimene chithandizochi chimapereka: ndi laling'ono, n'lodziwika bwino, ndipo pamapeto pamakhala chooneka chosonyeza kuti lachitika.

Kawirikawiri chithunzi chimafunanso miyendo. Munthu amene akufuna kujambula mtengo, msewu kapena kulowa kwa dzuwa amayenera kutuluka m'nyumba. Kafukufuku wosonkhanitsa zotsatira za akafukufuku 218, okhudza anthu oposa 14,000, amene anatuluka mu BMJ mu 2024, anapeza kuti masewero olimbitsa thupi, kuphatikizapo kuyenda ndi kuthamanga, amachepetsa zizindikiro za kukhumudwa. Kwa munthu amene saona chifukwa choyendera, kamera imamupatsa chifukwa.

Njira yachiwiri ndi kutembenuzira maso kunja. Kuti munthu ajambule amayenera kusankha choika m'chithunzi, kuona kumene kuwala kukuchokera, kusuntha pang'ono, kudikira. Pa mphindi zimenezo maganizo amakhala pa chinthu chimene chili pamaso pake. Mu 2016 a Kristin Diehl, a Gal Zauberman ndi a Alixandra Barasch anafalitsa zotsatira za mayeso asanu ndi anayi okhudza anthu oposa 2,000. Amene anauzidwa kujambula zithunzi, mwachitsanzo paulendo wa basi woona mzinda wa Philadelphia kapena m'nyumba yosungiramo zinthu zakale, ananena kuti anasangalala kwambiri kuposa amene sanajambule, ndipo chifukwa chake chinali chakuti anaikapo mtima kwambiri pa zimene ankaona. Kafukufuku wina wa ku yunivesite ya Stanford, wotsogoleredwa ndi a Gregory Bratman mu 2015, anapeza kuti anthu amene anayenda mphindi 90 m'malo a udzu ndi mitengo anachepetsa kubwereza maganizo owawa poyerekeza ndi amene anayenda m'mbali mwa msewu wa magalimoto ambiri. Munali anthu 38 okha, onse athanzi, ndipo sankajambula. Komabe zikusonyeza ubwino wa malo amene ojambula ambiri amakonda kupitako.

Njira yachitatu ndi kupeza poyambira kulankhula. Odwala ambiri amavutika kuyankha funso lakuti akumva bwanji. Kuloza chithunzi cha chipinda chamdima kapena mbale ya nsima yosadyedwa n'kufotokoza chifukwa chimene anachijambulira kumakhala kosavuta. Ofufuza za umoyo wa anthu anatulukira mphamvu imeneyi kudzera m'njira ya photovoice, imene a Caroline Wang ndi a Mary Ann Burris anaiyambitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 popatsa makamera amayi akumidzi ya m'chigawo cha Yunnan ku China, n'kuifotokoza mwatsatanetsatane mu 1997. Njirayi inakonzedwa kuti anthu wamba afikitse mavuto awo kwa opanga mfundo za boma, koma kuyambira pamenepo yagwiritsidwanso ntchito ndi anthu odwala matenda a m'maganizo kuti afotokoze moyo wawo.

Njira yachinayi ikukhudza kukumbukira. Kuyambira mu 1986, a Mark Williams ndi anzawo ku Britain anaonetsa kuti anthu okhumudwa amavutika kukumbukira chochitika chenicheni cha tsiku linalake. M'malo mwake amakumbukira mophatikiza, monga kunena kuti zinthu sizimawayendera nthawi zonse. Zithunzi zokhala ndi madeti zingatsutse maganizo otere. Munthu amene akunena kuti mwezi wonse sanachite kanthu angathe kuona yekha kuti Lachiwiri anapita kumsika ndipo Loweruka anacheza ndi mdzukulu wake.

Umboni wokhudza kujambula kwenikweniko

Akafukufuku awiri amatchulidwa kwambiri pankhaniyi. Woyamba anachitika ku yunivesite ya California ku Irvine ndipo anatuluka mu 2016. A Yu Chen, a Gloria Mark ndi a Sanna Ali anatsatira ophunzira 41 kwa masabata anayi. Sabata yoyamba ophunzirawa ankangolemba mmene akumvera. Kenaka anagawidwa m'magulu atatu: ena ankadzijambula akumwetulira tsiku lililonse, ena ankajambula chinthu chowasangalatsa, ndipo ena ankajambula chinthu chimene chingasangalatse munthu wina n'kumutumizira. Magulu onse atatu ananena kuti mtima wawo unakhalako bwino. Amene ankatumizira ena zithunzi ananenanso kuti anakhala odekha ndipo anamva kuyandikana ndi abale ndi anzawo.

Wachiwiri ndi wa a Liz Brewster a ku yunivesite ya Lancaster ndi a Andrew Cox a ku Sheffield, wofalitsidwa mu 2018. Iwo anatsatira kwa miyezi iwiri anthu ochepa amene anali ndi chizolowezi choika chithunzi chimodzi pa intaneti tsiku lililonse, kenaka anacheza nawo. Anthuwa anatchula zinthu zitatu: chizolowezichi chinkawapatsa kanthawi kodzisamalira, chinkawalumikiza ndi anthu ena, ndipo chinkawapatsa mwayi wobwerera m'mbuyo kuona masiku amene adutsamo. Ena anati chinkawachititsa kutuluka m'nyumba pa masiku amene akanangokhala.

Zotsatirazi n'zolimbikitsa, koma ziyenera kuwerengedwa mosamala. Otenga nawo mbali anali ochepa, nthawi inali yaifupi, ndipo sanasankhidwe chifukwa chopezeka ndi matenda a kukhumudwa kuchipatala. Kusangalala pang'ono kwa wophunzira wathanzi si chinthu chimodzi ndi kuchira kwa wodwala amene sakutha kudzuka pabedi. M'kafukufuku wa ku Britain uja, anthu ofunsidwa anali oti anazolowera kale ndipo anapitiriza okha, choncho mawu a amene anayesa n'kusiya sanamveke. Vuto lomweli limapezeka m'maumboni a anthu monga mayi Hark: amene anathandizika ndi amene amalankhula. Palinso mfundo yakuti matenda a kukhumudwa nthawi zambiri amakwera ndi kutsika, moti munthu amene wayamba kujambula ali pachimake pa matenda angapeze bwino pa zifukwa zina n'kuyamikira kamera. Umboni wolimba, wochokera m'akafukufuku ogawa odwala m'magulu mwamaere, uli pa zinthu zimene kujambula kumabwera nazo, monga kuchita kanthu ndi kuyenda.

Pamene kamera ingavulaze

Kafukufuku wa a Diehl ndi anzawo uja anapezanso mbali ina. Pamene chinthu chojambulidwa chinali chosasangalatsa, monga kanema wa mikango ikugwira njati, ojambula anamva kuipa kwambiri kuposa ongoonerera. Kamera imakulitsa chidwi pa chilichonse chimene yalozedwa. Munthu amene amangojambula zinthu zomukumbutsa imfa, kusiyidwa kapena kulephera, ali yekha ndipo palibe wokambirana naye, akhoza kukhala akupitiriza kuganiza kwambiri kuja, kungoti tsopano ali ndi foni m'manja. Kuonanso zithunzi za womwalira kapena za banja limene linatha kungautse ululu umene umafuna mlangizi.

Chachiwiri ndi kufuna kuoneka bwino pamaso pa anthu. Ofufuza omwewo anaonetsa mu 2018 kuti anthu amene ankajambula ndi cholinga choonetsa ena sanasangalale ngati amene ankajambula kuti asunge okha, chifukwa ankadera nkhawa mmene anthu akazilandirire. Pa Facebook kapena Instagram, kuwerenga amene akonda chithunzi ndi kudziyerekeza ndi ena kungawonjezere kudziona wachabechabe. Kutumizira chithunzi m'bale mmodzi wodalirika n'kosiyana ndi kuchiika poyera kudikira chigamulo cha gulu.

Chachitatu ndi chinsinsi. Chithunzi chikalowa pa intaneti sichibwerera. Kumene matenda a m'maganizo amasalidwa, kuulula mwa njira imeneyi kungakhudze ntchito, ukwati ndi ubale. Kujambula anthu ena, makamaka ana ndi odwala anzake m'chipatala, kumafuna chilolezo chawo.

Choopsa kwambiri ndi kuchedwa kulandira chithandizo. Munthu amene ali ndi maganizo ofuna kudzipha, amene wasiya kudya kapena kusamba, amene akumva mawu amene ena sakuwamva, kapena mayi amene wangobereka kumene ndipo akulephera kusamalira khanda chifukwa cha kukhumudwa, ayenera kuonedwa ndi wachipatala mwamsanga. Pa msinkhu umenewu palibe njira yodzithandizira imene ingakwanire.

Zimene wachipatala angalangize

Kwa wodwala amene zizindikiro zake n'zochepa, kapena amene ali kale pa mankhwala kapena uphungu, kujambula kungaikidwe pa ndandanda ya zochita monga mmene amaikirapo kulima padimba kapena kuimba kwaya. Kumayenera munthu amene ali nako chidwi. Amene sakukufuna asakakamizidwe. Foni wamba yokhala ndi kamera ndi yokwanira, ndipo intaneti si yofunika.

Cholinga chikhale chaching'ono moti ngakhale tsiku loipa chingatheke: chithunzi chimodzi, pa nthawi yodziwika, monga m'mawa dzuwa lisanatenthe. Mutu wosavuta umathandiza munthu amene akuvutika kusankha, mwachitsanzo chinthu chobiriwira, zitseko, manja a anthu ogwira ntchito, kapena mtengo womwewo tsiku lililonse. Ndi bwino kuti masiku ambiri chithunzicho chikapezeke kunja kwa nyumba. Wodwala alembe mzere umodzi pa chithunzi chilichonse: kumene anali ndi mmene ankamvera asanatuluke komanso atabwerera. Kukongola kwa chithunzi kusayesedwe, ndipo tsiku lodumpha lisawerengedwe ngati kulephera. Zithunzi zofotokoza ululu zili ndi malo ake, koma zibwere kwa mlangizi kapena munthu wodalirika kuti akambirane.

Pa ulendo wotsatira wa kuchipatala, wachipatala angapemphe wodwala kusankha zithunzi ziwiri kapena zitatu n'kufotokoza. Kusintha kwa matenda kuyezedwe ndi chida chodziwika monga PHQ-9, chimene chili ndi mafunso 9 ndipo zotsatira zake zimayambira pa 0 kufika 27. Kuyambira pa 10 kupita m'mwamba zimasonyeza kuti pakufunika kuunika mozama, ndipo funso lomaliza, lokhudza maganizo ofuna kufa kapena kudzivulaza, lisanyalanyazidwe ngakhale zotsatira zonse zitakhala zotsika. Chidachi chinayesedwa kale m'Chichewa pakati pa odwala kuno ku Malawi. Ngati patapita masabata angapo zotsatira sizikutsika, kapena zikukwera, wodwala atumizidwe kwa ogwira ntchito za matenda a m'maganizo pachipatala chachikulu cha m'boma lake, kapena kuzipatala zapadera monga Zomba Mental Hospital ndi St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Amene ali pa mankhwala monga fluoxetine kapena amitriptyline akumbutsidwe kuti mankhwalawa amatenga masabata angapo asanayambe kuoneka mphamvu yake, ndipo asawasiye popanda kukambirana ndi dokotala ngakhale atamva kuti apezako bwino.

Kwa ofufuza, ntchito yotsatira ndi yoonekeratu. Pakufunika kuyerekeza, mwa odwala enieni, gulu lopatsidwa ntchito yoyenda chabe ndi gulu lopatsidwa ntchito yoyenda ndi kujambula, n'kuwatsatira kwa miyezi ingapo pogwiritsa ntchito PHQ-9. Kafukufuku wotere angaonetse ngati kamera imawonjezera phindu lakelake, kapena ngati ntchito yake yaikulu ndi kuthandiza wodwala kuti asaleke kutuluka m'nyumba. Ngakhale yankho litakhala lachiwirili, lingakhale lothandiza kwa azaumoyo, chifukwa vuto lalikulu pa chithandizo cha zochita ndi lakuti odwala ambiri amayamba bwino kenaka n'kusiyira panjira.